Boti la a Tembo Linanyamuka Ndisanamange Chivundikiro

Ntchito yanga yoyamba kuno ku England ndinaipeza ndikuthawa chipinda. Mkazi wanga Esinala ndi amene anatsogola kubwera, pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndipo ine ndinamutsatira patapita chaka, mutu utayera kale. Tinkakhala ku West Bromwich, m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala. Iye akalawirira ku shifiti, ine ndinkatsala ndi makoma anayi ndi phokoso la makina opopera mpweya pansipo. Pofika mwezi wachitatu ndinayamba kumangoyenda, osadziwa kumene ndikupita, mpaka tsiku lina ndinatsika masitepe a pa mlatho n'kupezeka ndili m'mbali mwa ngalande.

Amene sanafike kuno mwina sadziwa kuti dera lino ndi long'ambidwang'ambidwa ndi ngalande zimene anthu anakumba kalekale, malasha ndi zitsulo zikuyenda pamadzi. Madzi ake sayenda. Ndi akuda, ndipo pansi sipaoneka ngakhale pamene pali posaya. Ine ndinali nditatha zaka zoposa makumi atatu ndisanapondemo m'chombo chilichonse, ndipo ndinali ndi chifukwa changa. Koma tsiku limenelo kunali mphepo, ndipo mayi wina wachizungu, wamfupi, wa imvi ngati ine, ankalimbana ndi boti lalitali limene mphepo inkalikankhira pakati. Anaponya chingwe kumtunda, chinagwera pa mapazi anga. Manja anachita okha. Ndinachikulunga pa chitsulo n'kumanga mfundo imene malume anandiphunzitsa ku Shire.

Mayiwo anatsika, anaikoka mfundo ija, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anandifunsa ngati ndili pa ntchito kwina, ndinati ayi. Anandifunsa ngati mapepala ondilola kugwira ntchito ndili nawo, ndinati ndili nawo. "Ubwere Lolemba," anatero, "ndipo uvale nsapato zimene suzikonda."

Amenewo anali Mayi Pauline, mwini wa kayadi kokonzerako maboti kuseri kwa fakitale ina yogumuka. Anabadwira m'boti, ndipo ankayenda pamtunda ngati munthu amene sakupakhulupirira. Dzina langa, Alufandika, linawakanika, ndiye analidula n'kukhala Alfi.

Maboti a m'ngalande ndi achitsulo, aatali ngati basi koma opapatiza moti ukatambasula manja umatsala pang'ono kukhudza mbali zonse ziwiri. Anthu ena amayenderamo pa tchuthi, ena amakhaliratu momwemo. Ntchito yanga inali ya manja. Boti likatulutsidwa m'madzi ndinkalipala dzimbiri ndi ndere, n'kulipaka phula kawiri. Ndinkasintha oyilo, kuthira girizi pamene mtengo wachitsulo wa pulopela, mapiko ozungulira m'madzi amene amakankha boti, umatulukira kunja, kuyesa mabatire, kutsuka thanki ya madzi akumwa, ndi kupaka thovu la sopo pa mapaipi a gasi kuti ndione ngati pakutuluka mpweya. Zonsezi sizinandivute. Chimene Mayi Pauline anandiphunzitsa atachita tsinya chinali chimodzi.

Kumbuyo kwa boti lililonse, pansi pa thabwa limene woyendetsa amaimapo, pali injini. Pambali pa injini pali kabokosi kachitsulo kopanda pansi, kolunjika pamwamba penipeni pa pulopela. Ukatsegula chivundikiro chake umaona madzi a m'ngalande ali pomwepo, chikhatho chimodzi kuchokera pamlomo. Kabokosika ndi kofunika chifukwa ngalande za kuno n'zodzaza majumbo, mawaya, zingwe ndi masanza, ndipo zikakulunga pulopela umapisa mkono m'menemo n'kuzidula. Koma pulopela ikamazungulira imaponya madzi m'mwamba ndi mphamvu, makamaka ukabweza boti kumbuyo. Chivundikiro chimayenera kukhala ndi labala wabwino m'mphepete, ndipo chitsulo chopingasa pamwamba pake chimangidwe ndi bawuti mpaka dzanja liwawe. Ukapanda kutero, madzi amalowa mwakachetechete pansi pa mapazi ako. Kumbuyo kwa boti kumatsika pang'onopang'ono, mpaka mlomo wa kabokosi umafika pansi pa madzi, ndipo zikatero sipafunikanso injini. Ngalande imangodzithira yokha.

Mayi Pauline anandionetsa boti lina limene linali pamtunda, mkati mukununkha matope, mzere wakuda uli pakati pa mawindo. "Mphindi khumi," anatero. "Mwini wake anali mphunzitsi wa masamu." Ndiye anandipatsa lamulo la pa yadipo: wotsegula kabokosi amachotsa kiyi wa injini n'kumuika m'thumba mwake, ndipo sapereka kwa munthu aliyense mpaka atamanga. "Ngakhale ndikupemphe ine. Ngakhale akupemphe mfumu ya dziko lino."

Panalinso pepala. Boti lililonse lisanachoke, tinkachonga mndandanda wa zimene taona, wogwira ntchitoyo n'kulemba dzina lake pa mzere uliwonse. Apa ndiye panali chilonda changa. Ine ndinaphunzira kulemba ndili ndi ana kale, kusukulu ya kwacha, nditakhala pa benchi limodzi ndi amayi obereka makanda. Mpaka lero dzina langa ndimalemba pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Sindinkafuna kuti kasitomala aziima n'kumandionerera. Choncho ndinayamba chizolowezi chimene sindinauze aliyense: m'mawa ndikafika, ndinkalowa m'shedi ndekha, n'kuchongeratu ndi kusainiratu zonse zimene ndinkadziwa kuti ndichita tsiku limenelo. Kwa miyezi isanu ndi iwiri palibe chimene chinalakwika.

A Tembo ndinawadziwira ku tchalitchi chathu, kumene Amalawi ndi anthu a ku Zambia timasonkhana mu holo ya sukulu Lamlungu masana. Anali mwamuna wa zaka za m'ma makumi atatu, wa ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, woseka kwambiri, wogwira ntchito yosamalira odwala m'makomo. Akazi awo, amake Natasha, anali ochokera ku Dedza, osalankhulalankhula. Natasha anali ndi zaka zitatu. Mwini nyumba yawo ku Small Heath anawauza kuti atuluke, ndipo pa nthawi yomweyo a Tembo anapeza ntchito ku Gloucester. Atafunafuna nyumba kumeneko osaipeza, anachita chinthu chimene tchalitchi chonse chinakamba kwa mwezi: anagula boti lakale lobiriwira kuti likhale nyumba yawo, ndipo anati apita nalo okha pamadzi, ulendo wa sabata yathunthu.

"Ba mudala," anandiuza akuseka, "manje landilodi wanga ni bakha. Akabwera kufunsa renti nizamupasa buledi."

Ndine amene ndinawauza kuti alibweretse kwa Mayi Pauline. Ndinkafuna kuti anthu a kwathu aone kuti nkhalamba ya Esinala ili ndi ntchito imene imaidziwa.

Tinalikonza masiku asanu ndi anayi. Mayi Pauline anagogoda chitsulo chonse cha pansi ndi hamala, akumvetsera ngati sing'anga wa kuchipatala, ndipo anati ndi chokalamba koma chipirira. Tinaika nyali yakutsogolo ndi hutala, tinagula zingwe zatsopano zitatu, zikhomo zomangirira m'mbali, mtengo wautali wokankhira, ndi majekete oyandamitsa, kuphatikizapo kakang'ono ka mwana. Pampu yochotsa madzi pansi pa injini inkagwira, koma inali yaing'ono, yongoyenera madontho a mvula. Madzulo aliwonse Mayi Pauline ankawatenga a Tembo kukawaphunzitsa kuwongolera, ndipo ankabwera akupukusa mutu. "Akachita mantha amabweza kumbuyo ndi mphamvu zonse," anandiuza. "Onse oyamba amatero."

Njira yawo tinaijambula pa khoma la shedi ndi choko. Ola limodzi kuchokera pa yadi anayenera kukhota kumanzere n'kulowa m'tanelo ya Netherton, mphanga yaitali yoboola pansi pa phiri, imene boti limatha mphindi zoposa makumi atatu lili mumdima. Amake Natasha anaima patsogolo pa chojambulacho nthawi yaitali.

"Agogo, mkati mmenemo foni imagwira?"

Ndinati siigwira.

"Nanga chinthu chikachitika?"

"Palibe chimene chingachitike, mayi. Boti ili ndaligwira ndekha."

Ananyamuka Loweruka. Kunali mitambo yotsika, kopanda mphepo, ndipo madzi anali bata ngati oyilo wakale m'beseni. Ndinafika m'mawa, ndinalowa m'shedi, ndinachonga mizere yonse ndi kusaina. Chotsala chinali chimodzi chokha: dzulo lake ndinaona kuti labala wa chivundikiro wauma ndi kung'aluka, ndiye ndinadula watsopano kuti ndimumate m'mawa. Mayi Pauline anafika, anawerenga pepala, anandimenya paphewa, n'kunena kuti akupita ku Tipton kukatenga chitsulo china cha kasitomala. A Tembo anawatsanzika pomwepo.

Ndinachotsa kiyi, ndinamuika m'thumba la kumanja la ovolosi. Ndinatukula thabwa, ndinamasula bawuti, ndinapala labala wakale yense mpaka chitsulo chinayera. Watsopano anali m'thumba la kumanzere. Ndikutsegula chubu cha guluu, ndinamva nyimbo pa geti.

Anabwera anthu ngati makumi awiri, amayi atavala zitenje pamwamba pa majekete, atanyamula mapoto a mpunga, mandasi ndi mabulangete. Patsogolo panali abusa athu, munthu wamkulu thupi ndi mawu. Anayendera boti lonse akugwedeza mutu, kenako anafika kumbuyo kumene ndinagwada.

"A Alufandika, tasiyani kaye zitsulozo. Ana awa sangapite pamadzi tisanawapereke m'manja mwa Mwini madzi. Ndiime pati?"

Ankafuna kuima pamalo a woyendetsa, dzanja lili pa chiwongolero. Kwathu munthu sagogoda zitsulo anthu akupemphera, ndipo suuza abusa kuti adikire guluu aume. Ndinabwezera chivundikiro pamalo pake chopanda labala, ndinazungulitsa bawuti kawiri ndi zala kuti chisagwe, ndinatseka thabwa kuti abusa apondepo. Ndinavula chipewa. Ndinati ndimaliza akati ameni.

Pemphero linali lalitali. Anatchula Nowa, anatchula Yona, anatchula namondwe wa pa nyanja ya Galileya. Amake Natasha analira. Atati ameni amayi anayamba nyimbo ina, mandasi anayamba kuyenda, wina anandigwira mkono kuti ndijambulitse nawo. Abusa anauza anthu onse kuti boti ili lakonzedwa ndi bambo wathu yemwe, ndipo anandiombera m'manja. Sindikumbukira tsiku lina limene anthu anandiomberapo m'manja. Kenako a Tembo anabwera patsogolo panga, anthu onse akuona, anagwada pang'ono mwanthabwala n'kutambasula manja awiri.

"Ba injiniya, tipaseni makiyi ya nyumba yathu."

Ndinapisa m'thumba la kumanja n'kuwapatsa. M'mutu mwanga ntchito inali itatha, chifukwa ndinali nditaisainira kale.

Injini inalira kamodzi n'kugwira. Ndinamasula zingwe ndekha. Boti linachoka pang'onopang'ono ngati maliro, Natasha akubayibitsa pa windo, amayi akuimba m'mbali mpaka linakhota pa mlatho. Anthu anabalalika kukakwera tiramu, kasitima ka m'tauni. Ndinatsala ndekha, ndinatenga tsache kuti ndisese nyenyeswa za mandasi. Ndikufuna mpango wopukutira manja, ndinapisa m'thumba la kumanzere.

Apa ndilemba zoona, chifukwa ndi chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Boti linali litachoka mphindi zisanu zokha. Limayenda liwiro la munthu woyenda pansi. Ndikanathamanga m'kanjira ka m'mbali mwa madzi ndikanalipeza lisanafike mlatho wachiwiri. Nambala ya a Tembo inali m'foni mwanga. Sindinathamange, ndipo sindinaimbe. Ndinabwezera labala m'thumba n'kupitiriza kusesa.

Ndinadziuza kuti chivundikirocho n'cholemera, chikhala chokha. Ndinadziuza kuti a Tembo akuyenda pang'onopang'ono. Ndinadziuza kuti ngalande si yakuya, munthu wamkulu madzi amamulekeza m'chifuwa. Ndinaganiza za abusa ndi kuomba m'manja kuja, za Esinala akulowa mu holo Lamlungu anthu akunong'onezana. Kenako ganizo lina linabwera, lozizira, ndipo ndinalizindikira ngati mmene umazindikirira mayendedwe a munthu amene unakhala naye nyumba imodzi: pepala lasainidwa, boti ndi lakale, likamira adzati ndi dzimbiri. Ndinapita m'mphepete mwa madzi, labala ali m'manja. Ndikanamuponya, akanangomira osamveka.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndinkaolotsa anthu pa Shire ndi bwato la malume. Tsiku lina kutsidya kunali maliro, ndipo anthu anadzaza bwato kuposa muyeso, chifukwa wopita ku maliro sakanizidwa. Tili pakati ndinamva madzi pa chidendene. Chigamba cha phula ndi sanza chimene ndinamata ndekha chinali chitamatuka. Gombe lathu linali pafupi kuposa la kutsidya. Ndikanabwerera. Koma malume anali ataima pagombe akundiyang'ana, ndipo m'bwato munali apongozi a mfumu. Ndinapondapo ndi phazi n'kupitiriza kupalasa, osanena kanthu. Tinagubuduzika titatsala pang'ono kufika. Amayi awiri sanapezeke. Madzulo ake munthu wina anati anaona mvuu, ndipo mudzi wonse unati ndi mvuu. Atandifunsa ine, ndinagwedeza mutu movomereza.

Labala sindinamutaye. Koma musandiyamikire, chifukwa sindinachitenso china. Ndinasesa yadi yonse, ngakhale kumene kunalibe chinyalala. Ndinapinda zingwe zopindidwa kale. Vani ya Mayi Pauline inalowa patapita mphindi makumi anayi. Anatereka ketulo, anandipatsa kapu, anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Pano akuyandikira tanelo," anatero. "Wagwira ntchito yabwino, Alfi."

Ndinatulutsa labala n'kumuika patebulo pakati pa makapu.

Anamuyang'ana kamodzi kokha. Sanakalipe. Anatenga tochi ziwiri, ndowa ziwiri ndi sipanala, ndipo tili m'vani anandiponyera foni kuti ndiimbe. Inaitana mpaka kuduka. Kachiwiri sinalowe n'komwe. Mayi Pauline anadumpha loboti yofiira imodzi. Njira yonse anangonena mawu awa: "Uzipemphera kuti asakumane ndi boti lina."

Tinasiya vani pa mlatho n'kutsetsereka. Pakamwa pa tanelo panali bambo wina akuwedza. Anati boti lobiriwira lalowa posachedwapa, ndipo anadabwa kuti kumbuyo kwake kunali kotsika, anaganiza kuti anyamula katundu wambiri.

Mkati muli kanjira kopapatiza m'mbali, kokhala ndi chitsulo chogwirira. Madzi amadontha kuchokera kudenga, pansi pali zithaphwi zofika m'kakolo. Titayenda pang'ono kuwala kwa kumbuyo kunachepa n'kukhala ngati ndalama yachitsulo. Kutsogolo, kutali, tinkamva injini. Phokoso lake linkabwera mozungulira makoma, ndipo ndinaligwira ndi makutu anga ngati chingwe. Ndinkathamanga mmene nkhalamba imathamangira, chifuwa chikupsa. Kenako ndinaona nyali yachiwiri, yoyera, ikubwera kuchokera mbali inayo. Hutala inalira. Injini ya a Tembo inakuwa mwamphamvu, ndipo ndinadziwa kuti abweza kumbuyo.

Inakuwa choncho kwa kanthawi, inatsokomola kawiri, inazima. Boti linalo linadutsa bwinobwino n'kutipitirira, woyendetsa wake akutipatsa moni, osadziwa kanthu. Litapita, m'tanelo munangotsala kudontha kwa madzi. Kenako ndinamva mawu a amake Natasha, osakuwa, ongofunsa.

"Bambo a Natasha, bwanji kapeti yanyowa?"

Titafika, tochi inaonetsa kumbuyo kwa boti kutatsala zala zinayi kuti madzi akwere pamwamba. Kutsogolo kunali kutatukuka. A Tembo anali akupotokola kiyi, akulankhula ndi injini. Mayi Pauline anadumphira m'boti, analowa mkati, anatuluka ndi mwana ali m'bulangete, akugona, n'kumupereka kwa amake amene anali atawakankhira kale pa kanjira. Ine ndinatukula thabwa. Injini sinkaoneka. Panali madzi akuda okhaokha, oyilo akuyandama, ndipo pakona pamene panali kabokosi madzi ankatumphuka ngati kasupe.

Ndinalowamo mpaka m'chiuno. Kuzizira kwake kunandilanda mpweya. Ndinapapasa pansi pa madzi, ndinapeza chivundikiro chitapendekeka, bawuti itamasukiratu ndi kugwedezeka kwa injini. Kuti ndiike labala ndinayenera kuchichotsa chonse, ndipo nditachichotsa ndinamva ngalande ikukankha dzanja langa. Guluu panalibe. Ndinayala labala ndi zala zimene sindinkazimvanso, anaterereka, ndinamuyalanso. Ndinagwadira chivundikiro ndi bondo, chibwano chili m'madzi, n'kumanga bawuti ndi sipanala mpaka inakana. Kutumphuka kunasiya.

Tinakapa ndi ndowa, ine ndi a Tembo, Mayi Pauline akuunikira. Ndowa zitatopetsa mikono tinatenganso mapoto a mpunga aja. Boti litakwera pang'ono, tinamanga chingwe kutsogolo, tinalikoka ndi mapewa m'kanjira kubwerera kumene tinalowera, amake Natasha akutsatira pambuyo ndi mwana kumsana.

Kunja kunali kukugwa mvula yowaza. Madzi anali atadutsa khoma la injini n'kulowa m'chipinda chogona, pansi pa bedi limene Natasha anagonapo. Sutikesi imene munali masatifiketi a amake ndi zithunzi za ukwati inali itanyowa yonse. A Tembo anakhala pa udzu, nthabwala zonse zitatha.

"Ananinamiza uja muzungu ananigulisa," anatero. "Boti yoola iyi. Nine chipuba, chitsiru chenicheni, nafuna kupaya banja yanga."

"Ndinakuuzani," anatero akazi awo motsitsa. "Ndinakuuzani kuti tidikire nyumba. Inu chilichonse ndi nthabwala."

Mayi Pauline sankamva chinenero chathu, koma ankapinda chingwe akundiyang'ana. Anandisiyira ine. Ndinaimirira, madzi akutsika m'ovolosi, ndipo ndinauza a Tembo ndi akazi awo kuti boti lilibe vuto, wogulitsa sanawanamize, ndipo a Tembo sanalakwe. Ndinawauza za labala, za pemphero, za kiyi, ndi za pepala limene ndinasainira ntchito ndisanaigwire.

A Tembo anayamba kunena kuti aliyense amaiwala, koma akazi awo anawadula.

"Munazindikira nthawi yanji, agogo?"

Ndikanatha kunena kuti pompano. Palibe amene anandiona ndi tsache lija.

"Mutangokhota pa mlatho woyamba."

"Ndiye munkatani nthawi yonseyi?"

"Ndinkasesa."

Anamasula chitenje, anamutsitsa mwana n'kumunyamula kutsogolo, ngati akufuna kuti ndimuone bwino. "Kuiwala sindikukuimbani nako mlandu. Koma mwana uyu amagona pamwamba pa madzi amenewo inu mukusesa."

Lolemba ndinawafotokozera Mayi Pauline zonse, kuphatikizapo mphindi makumi anayi zija. Ndinali nditapinda kale ovolosi kuti ndibweze. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati injini ija tiiphwasula tonse awiri, ndipo ndidzasaina mzere uliwonse iwo ataima pambali, kasitomala akuonerera, ngakhale zitenge tsiku lonse. "Kulemba pang'onopang'ono sikunamizepo boti," anatero. Za kusesa sananene chilichonse, ndipo kwa milungu ingapo sanandipatse tiyi.

Tinatha masiku khumi tikuumitsa injini, kusintha sitata, mabatire ndi oyilo katatu. A Tembo anapita ku Gloucester pa basi kukayamba ntchito, akugona pa mpando kwa mnzawo, ndipo anabwera Loweruka lina kudzatenga banja. Ulendo uno kunalibe nyimbo. Amake Natasha anandiuza kuti ndiwaonetse kabokosi kaja. Anagwada, anapapasa labala ndi chala kuzungulira konse, anamanga bawuti okha, kenako anandilanda sipanala n'kuwonjezera. Sananditsanzike. Mpaka lero a Tembo amanditumizira moni pa Khirisimasi, dzina la akazi awo palibe, ndipo ndikuona kuti n'zoyenera.

Ndinawatsatira wapansi m'kanjira, ndili patali, mpaka pakamwa pa tanelo. Ndinaima pamenepo kumvetsera injini ikuchepa, ikuchepa, mpaka sindinathenso kusiyanitsa phokoso lake ndi kudontha kwa madzi.

Ndikadali pa yadi pomwepo, ndipo ndimalakwitsabe, chifukwa maso akutha. Mwezi wathawu ndinathira madzi m'thanki ya dizilo ya kasitomala wina. Ndinapita kukawauza Mayi Pauline paipi idakali m'manja, ikudontha pa nsapato zanga. Kwa amene akufuna ntchito ya maboti, chimene ndingamuuze n'chakuti kulakwa kwenikweni kumalowetsa madzi ochepa, oti ungakape ndi kapu. Ambiri amalowa pamene waima n'kumaganiza zoti anthu adzati chiyani.